Galimoto Yozima Injini Yalephela Mayeso a Utsi

Galimoto yanga inalephela mayeso a utsi injini ili yozima, makiyi ali m'manja mwanga. Welenganinso bwino. Yozima. Pepala lake ndili nalo pano, lodindidwa chidindo cha ofesi, ndipo chifukwa cha pepala limeneli atate anga sanatsanzikane ndi mlongo wao.

Ndakhala chete milungu iwili, ati ndisalembe ndili ndi ukali. Ukaliwo sukutha, ndiye ndilemba nao.

Kwa amene simundidziwa, ndine Rozina, uja wogula nshawa ndi mpendadzuwa pa Nyimba. Atate anga, a Joakimu, anabwela kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, ine ndili kumsana. Anzao atabwelela kwao, iwo anatsala, nalima, nakalambila konkuno. Mlongo wao mmodzi yekhayo, azakhali anga a Lusiya, anatsalila kutsidya. Tsiku lothawa iwo anabwelela kudimba kukatenga mwana, ndipo njila zinasiyana pomwepo. Zaka zonsezi tinkangoti anafa. Chaka chatha wogula mbuzi wina anafika pakhomo ndi nambala ya foni yolembedwa pakatoni ya sopo. Titaimba, atate anamva mau a mlongo wao, nakhala pansi padothi.

Kuchokela tsiku limenelo nkhani pakhomo inali imodzi: "Mwanawe, ndipeleke ndikamuone Lusiya."

Kunena n'kosavuta. Atate miyendo inafooka, panjinga yamoto sangakhale. Mudzi wa azakhali uli kutali ndi tala, njila ya mchenga, mitsinje itatu yopanda milatho, ndipo mvula ikangoyamba simudutsa kanthu mpaka dzinja litatha. Eni magalimoto a hayala ndinawazungulila onse. Amene ali ndi galimoto yolimba alibe mapepala odutsila pamalile. Amene ali ndi mapepala akangomva dzina la mudziwo amangoseka.

Ndiye mu Seputembala ndinagulitsa nshawa zanga zonse ndi kugula yangayanga. Ndinaipeza ku Msanzala kwa mlimi wina, itaima pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikila mazila pampando wa dalaivala. Ndi zija zakale zamakona anayi, chitsulo chokhachokha, zokoka ndi mawilo onse anayi, tayala la sipeya lili paboneti. Pazaka ndi yaikulu kwa ine. Atate ataiona anaisisita pachitseko n'kunena kuti yotele ndiyo inatinyamula pamalile nthawi ija. Anaitcha Nkhalamba Inzanga.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenela kuchigwila bwino. Mwini wakale ankaoloka nayo mitsinje m'dzinja, ndiye anapita nayo kwa owotchelela, nakhotetsa paipi ya utsi kuti ikwele m'mbali mwa chitseko mpaka kupitilila denga, ngati ya talakita. Kumbuyo kwa galimotoyi kulibe paipi iliyonse. Ngakhale mwana amaona.

A Daka, makanika wathu wa pa Nyimba, anakhala nayo milungu itatu. Mabuleki, malaiti, mafyuluta, mainjekita, zonse. Waiti buku, buku la umwini wa galimoto, ndinasintha dzina, inshuwalansi ndinadula. Chinatsala ndi fitinesi basi, mayeso oona ngati galimoto ndi yoyenela kuyenda pamseu, chifukwa popanda disiki yake pagalasi, palodibuloko amakulanda galimoto ndipo pamalile sudutsa. Anthu anandiuza kuti masiku ano kuofesi ya mafitinesi kunabwela makina oyezela utsi, galimoto zakale zikugwa ngati mango. A Daka anati ndisade nkhawa. Anagwila nsalu yoyela pakamwa pa paipi, ine ndikuponda mafuta, ndipo nsaluyo inabwela yoyela.

Ulendo woyamba, pa Chiwili. Ndinanyamuka pa Nyimba 05:30, lisiti ya fitinesi ili m'thumba yoonetsa palodibuloko. Ndinafika pa Petauke 07:10, ndili wachinayi pamzele. Ofesi inatsegulidwa 08:20. Mpaka 10:45 palibe anatiyang'ana. Kenako panatuluka bambo wina wa jekete lonyezimila, kabuku m'khwapa, mahedifoni m'makutu. Dzina lake sindilitchula. Ine ndimamutcha Bwana Utsi.

"Malaiti kulibe, makina sasebenza. Bwelani pa Chinayi."

Magetsi anazima 06:00. Zimenezi anazidziwa asanamwe tiyi. Nanga anatiumikilanji padzuwa la Okutobala maola atatu? Ankafuna aone ngati tipsa mofanana?

Ulendo wachiwili, pa Chinayi. Magetsi kulibenso, koma tsopano anabweletsa jenaleta. Jenaleta yake! Yakale, yothontha mafuta, yotsokomola utsi wakuda bii, phokoso lake ngati chigayo. Waya wa makina ndi waufupi, ndiye anaiika pakona penipeni pa malo oyezela, pamene pamafika msana wa galimoto. Itakwana nthawi yanga, 11:15, anandiuza ndibwelele chambuyo mpaka pamzele woyela, ndikhale pachiwongolelo, ndisatuluke. Anaona malaiti, anaona mabuleki, anagogoda matayala. Kenako anapita kumbuyo kumene sindinkamuona.

"Dyakani! Dyakani futi!"

Ndinaponda katatu. Makina analavula kapepala.

"Yafeluka. Utsi wapitilila."

Ndinafunsa kuti wapitilila bwanji, poti mainjekita ndi atsopano. Anandiyang'ana kuyambila kuduku mpaka kumapatapata.

"Amai, vinthu va injini muvisiyile amuna anu. Motoka iyi niyakudala, ifunika chabe kupumula. Kakonzeni, mubwele pakapita masiku seveni."

Amuna anga! Ndinafuna kumuuza kuti amuna anga ali kumanda chaka chachisanu, ndipo ngakhale ali moyo sankadziwa kusintha tayala. Munthu wogwila chidindo sumukalipila.

Pageti dalaivala wina wa kalole ka kanta anandinong'oneza kuti, "Amai, mwachita kulakwa. Mukanamupatsako ya dilinki." Ndinakana. Ndinati galimoto yanga ilibe mlandu, ndigulilenji chilungamo changa chomwe? Mau amenewo ndinawanena modzitama. Lelo amandilasa.

A Daka anamasulanso injini masiku awili. Sanapeze kanthu. Anaikamo fyuluta ina yatsopano pongofuna kunditonthoza, K280 yopita m'madzi. Nsalu yoyela inabwelanso yoyela. Iwo anangopukusa mutu.

"Amama, motoka iyi ili bwino ngako. Lomba pa Chinayi nikuya namwe, nikaziwonele neka."

Sabata yotsatila, pa Chiwili masana, foni inalila. Anali msuweni wanga, mwana wa azakhali uja anakamutenga kudimba. Anati amayi ake asiya kudya, akungomwa madzi, ndipo akafunsa chinthu amafunsa chimodzi: "Achimwene afika pati?" Atate anatenga foni nati, "Muuze adikile. Pa Chisanu ndidzakhala ndili pakhomo pake." Analowa m'nyumba nalongedza kachikwama kao: chitenje chatsopano cha mlongo wao, shuga wa makilo awili, jekete lao la ku chalichi, ndi kolona. Anakaika okha pampando wakumbuyo wa galimoto.

Ulendo wachitatu, pa Chinayi. Tinapita atatu: ine, a Daka ndi atate. Mapasi a pamalile ali m'thumba, dizilo yodzaza, zigubu ziwili zapadela zomangilila padenga. Tinagwilizana kuti disiki ikangomatidwa, sitibwelela ku Nyimba, tilunjika kumalile. Kum'mawa mitambo inali itayamba kale kusonkhana.

Magetsi kulibe. Jenaleta ija ili pakona pake, ikutsokomola.

12:05, nthawi yanga. Ndinabwelela chambuyo mpaka pamzele woyela. Atate ali pambali panga, chipewa pamaondo. A Daka anaima chapatali pamene ankaona kumbuyo. Pagalasi ndinaona nkhope yao ikusintha. Anatsegula pakamwa. Anagwila kumutu. Kenako anathamangila pawindo langa.

"Zimyani injini! Zimyani, mufumye makiyi. Osakamba kanthu."

Sindinamvetse, koma ndinazima. Ndinasolola makiyi ndi kuwatulutsa pawindo, dzanja lili m'mwamba, kuti madalaivala onse pamzele aone. Ndipo anaona.

Kumbuyo kunamveka mau aja: "Dyakani!"

Injini ili zii.

"Dyakani futi!"

Jenaleta ikulila, mahedifoni ali m'makutu, munthu sakumva n'komwe kuti galimoto imene akuyeza yagona tulo.

"Futi! Kosiliza!"

Makina analavula kapepala. Bwana Utsi anabwela nako pawindo, osandiyang'ana.

"Yafeluka futi. Ninakuuzani, amai."

Ndinatsika. Ndinamuonetsa makiyi. Ndinamugwila dzanja la jekete, Mulungu andikhululukile, ndi kupita naye kumbuyo. Abale anga, zimene ndinaona! Kachitsulo koyezela ka kumapeto kwa hosi ya makina, kamene kayenela kulowa m'kamwa mwa paipi ya utsi, anali atakatsamilitsa panjelwa pansi pa bampala, pamene magalimoto ena amakhala ndi paipi. Kwa ine pamenepo palibe kanthu, mphepo yokha. Ndipo pafupi pomwepo, osakwana phazi limodzi, kamwa la jenaleta yao likupemelela utsi wakuda molunjika pakachitsuloko.

Maulendo awili onse ankayeza jenaleta yao. Ine ndinkalipila, ndinkawotcha dizilo, ndinkamasula injini yabwinobwino, pamene wodwala ndi jenaleta ya ofesi.

Madalaivala anaseka mpaka ena kugwila pamimba. Ine sindinaseke. Ndinamulozela paipi ili pamwamba pa denga, yaitali, yakuda, yooneka ngakhale uli kumsika. Ndinafunsa ngati sanaione.

"Ninaiona. Manje hosi ya makina niifupi, siifika kumwamba. Makwelelo tilibe."

"Nanga bwanji simunandiuze sabata yatha?"

"Ku tilening'i anatiphunzisa kuti kachitsulo kankhala kumbuyo. Ine nichita vamene ninaphunzila."

Mwamva? Kumbuyo. Kaya kuli paipi, kaya kulibe. Mukabwela ndi ngolo ya ng'ombe, adzaika kachitsulo kumbuyo kwake ndi kukuuzani kuti yapitilila utsi.

Ndinadziletsa. Ndinati chabwino, zalakwika, tiyeni tikonze pompano. A Daka anati anyamula makinawo, awaike paboneti, hosi ifika. Ayi, makina a ofesi saloledwa kugwilidwa ndi munthu wamba. Dalaivala wa kanta anati ali ndi dilamu, munthu angaimepo. Ayi, akagwa adzamulipila ndani? A Daka anati atha kumasula paipi pajointi ya pansi, mphindi khumi zokha, ayeze pamenepo. Apo ndiye anatulutsa lupanga lake lalikulu.

"Olo muchite bwanji, sisitimu yalemba kudala kuti yafeluka. Nambala yanu yakhomeka. Iseguka pakapita masiku seveni."

Ndinafunsa amene angatsegule. Akuti abwana. Abwana ali kuti? Ku wekishopu ku Chipata. Foni yao? Sapatsa anthu. Abwela liti? Kaya.

Pamenepo ndinamva chitseko cha galimoto chikutseguka. Atate anatsika okha, ndodo patsogolo, mwendo umodzi, kenako wina. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamaso pa munthu amene angakhale mdzukulu wao. Anavula chipewa. Atate anga, amene sanagwadilepo msilikali nthawi ya nkhondo, anapinda bondo limodzi pasimenti yothonthela dizilo.

"Bambo, ndapota nanu. Mlongo wanga ali pamphasa kutsidya. Tinasiyana ali mtsikana. Mvula ikagwa sindidutsa. Ndithandizeni ndikamutseke maso."

Jenaleta inkangolila. Bwana Utsi anachotsa hedifoni imodzi. Imodzi. Anayang'ana wochi.

"Ambuya, nimvela chifundo, koma sindine ninapanga sisitimu. Manje ni 12:40, tayenda ku lanchi."

Anazima jenaleta yake napita.

Tinawadzutsa atate ine ndi a Daka. Bondo la buluku lao la ku chalichi linali lakuda ndi mafuta. Ine ndinkalimbana ndi mtima: ndingolunjika kumalile popanda disiki? A Daka anati akatilanda galimoto palodibuloko, nkhalamba idzagona kupolisi ndipo ulendo udzafela pomwepo. Ndinamvela. Ndinauza atate kuti tipilile masiku asanu ndi awili okha. Ndine ndinawauza. Pakamwa panga pomwe.

Pa Chisanu ndinabwelela ndekha kuofesi ija ndi kalata yodandaula. Mayi wa pakauntala anailandila ndi zala ziwili, naiika pansi pa kapu ya tiyi, nati abwana akabwela adzaiona. Anandiuzanso kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamufunsa ngati nkhonoyo ili ndi mlongo amene akufa. Anati ndisamuyankhe mwano.

Pa Chiwelu mvula yoyamba inagwa, yamphamvu, usana wonse.

Pa Sondo titangotuluka m'chalichi, foni inalila. Azakhali a Lusiya anatisiya m'mawa umenewo. Msuweni wanga anati mpaka dzulo lake ankauza ana kuti asese pabwalo, alendo akubwela ndi galimoto.

Inu a kuofesi mwina simudziwa mwambo wathu, ndiye ndikuuzeni. Kwathu mkazi akamwalila, mwini malilo ndi mlongo wake wamwamuna. Ndiye mwini mbumba. Ndiye amaloza pokumba manda, ndiye amayamba kuponya dothi, ndiye amakhazika ana amasiye pansi ndi kuwauza kuti simuli nokha. Anthu a kumudzi kuja anasunga thupi tsiku lonse kudikila atate, kunja kukutentha chonchi. Mtsinje woyamba unali utadzaza kale. Pa Mande madzulo anaika malilo, dothi loyamba anaponya munthu wa pamudzi chabe. Atate anamvela nyimbo za kumanda pafoni, atakhala pakhonde, foniyo ndikuwagwilila ine.

Pa Chinayi lotsatila ndinapitanso. Musandifunse chifukwa chake, mwina ndinkafuna ndione mapeto a chipongwechi. Magetsi analipo. Bwana Utsi kunalibe, ati ali pa lifu, patchuthi. Panali mayi wina woyeza. Anayang'ana galimoto, nayang'ana paipi, nati, "Iyi paipi yake ili kumwamba, ai?" Anakoka tebulo la makina kulifikitsa pafupi ndi chitseko, naponda pasitepe ya galimoto, nalowetsa kachitsulo m'paipi. Hosi ija yaifupi inafika bwinobwino. Ndinaponda katatu.

"Yapasa. Injini yanu ili bwino maningi, amai. Ndani amakukonzelani?"

Mphindi zinayi. Ndinayang'ana wochi. Mphindi zinayi, tebulo ndi sitepe. Ndinalila pachiwongolelo pomwepo mpaka mayiyo anadabwa, poti anthu amalila akalephela.

Tsopano ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho, osati "tizaona".

Munthu amene sadziwa kumene utsi wa galimoto umatulukila, anamupatsa ndani ntchito yoyeza utsi? Ngati anaona kuti hosi siifika, chinamuletsa n'chiyani kutsegula pakamwa tsiku loyamba? Sisitimu yanuyo, imene imadziwa kukhoma nambala ya munthu masiku asanu ndi awili, ilibe kiyi yotsegulila pamene olakwa ndinu? Abwana akapita ku wekishopu, ofesi yonse imapita nao m'thumba? Kalata yanga ikali pansi pa kapu ya tiyi? Ndipo jenaleta yanu ija, imene inalephela mayeso kawili konse m'dzina langa, ili ndi disiki?

Sindikutsutsa zoyeza utsi. Ndimakhala m'mbali mwa mseu waukulu, ndimadziwa mmene malole ena amatitsokomoletsela ana. Yezani. Koma yezani galimoto, osati mphepo.

Kwa inu anzanga a ku Msanzala, ku Kaumbwe, ku Minga ndi kwina konse kumene mumakweza mapaipi chifukwa cha mitsinje: musapite nokha. Tengani munthu aime kumbuyo aone kumene kachitsulo kalowa. Akakuuzani kuti musatuluke m'galimoto, tulukani. Mukaona jenaleta ili pafupi, jambulani. Ine ndinakhulupilila jekete lonyezimila, ndinakhala phee pachiwongolelo ngati mwana wa sukulu, ndipo ndinataya sabata imene inali yotsiliza.

Ena mwandilembela kale kuti ndikanangopeleka ya dilinki ija, atate akanafika. Mwina n'zoona. Ndimaganiza zimenezo tsiku lililonse ndikamasenda nshawa, ndipo sindidziwa ngati ndidzadzikhululukila. Koma ndiuzeni, dziko lake ndi lotani limene munthu amadziimba mlandu chifukwa chokana kupeleka chiphuphu?

Ndalama za maulendo aja sindikuzifuna. Idyani. Chimene ndikufuna ndi chimodzi. Bwana Utsi, lifu yako ikatha, kwela basi ubwele pa Nyimba. Ukafunse kwa Rozina wa nshawa, aliyense akulozela. Udzapeza galimoto ili pabwalo, disiki yako yatsopano ikuwala pagalasi. Udzapezanso nkhalamba ija inakugwadila itakhala pampando wakutsogolo, chifukwa m'mawa uliwonse imavala jekete ndi kukakhala m'menemo mpaka dzuwa litakwela. Kachikwama kali pampando wakumbuyo pomwe anakaika. Shuga nyelele zalowamo, koma salola munthu kukagwila.

Dzulo atate anandifunsa kuti, "Mwanawe, chitenjechi tsopano ndikapatse ndani?"

Bwela udzawayankhe iwe. Ndipo pobwela, uchotse mahedifoni onse awili.